Kutsidya kwa Mlatho Si Mumzinda

Dzina la Askale ndinaliona ndine. Linali Lachiwiri, mvula ikuwaza, anthu atadzadza pakhoma la ofesi ya dera lathu pomwe amamata mapepala. Ndinakankhana nawo mpaka ndinafika kutsogolo, n'kuyamba kutsika ndi chala. Nambala 31, Askale Bogale. Chipinda chimodzi ndi khitchini, m'nyumba zosanja za boma, pansi penipeni chifukwa mwamuna wake ngwodwala.

Ine ndine Birtukan, ndipo thupi langali si lothamangira, koma tsikulo ndinathamanga mpaka kumene timaphika injera, buledi wathu wopyapyala uja wa pachiwaya, yoperekera m'malesitilanti. Ndinampeza Askale ataweramira chiwaya, nkhope ili thukuta lokhalokha. Ife timamutcha Etiye, ngati kunena kuti achemwali.

"Etiye Askale, siyani zimenezo."

"Ndisiye kuti ipserere? Chakulowa n'chiyani iwe?"

"Latuluka."

"Chatuluka n'chiyani?"

"Dzina lanu. Mwapeza nyumba."

Sanakuwe, sanalulutire. Anakhala pathumba la ufa, n'kuvula mpango, n'kuumanganso. Kenako anandifunsa ngati ndinawerenga bwino dzina la bambo ake, chifukwa a Askale mu Addis Ababa ndi ambiri ngati nyerere. Ndinati Bogale, ndaona ndi maso angawa. Apo m'pamene anaphimba kumaso. Injera inapserera, ndipo palibe amene anaichotsa.

Askale analembetsa zaka khumi ndi zinayi zapitazo, mwamuna wake Tefera, amene timamutcha Gashe Tefera monga timalemekezera bambo aliyense wamkulu, akadali kalipentala wamphamvu zake. Tonse tinkakhala m'kanjira kamodzi kuseri kwa tchalitchi cha Mikaeli Woyera, m'tinyumba tadothi tobwereka. Zaka zitatu zapitazo kanjira konseko anakagwetsa kuti padutse msewu. Eni nyumba anapatsidwa malo ena, ife obwereka tinauzidwa kuti tidikire pamndandanda. Ine ndinapeza kachipinda pafupi, m'mpanda mwa mayi wina wokalamba, Weizero Tsehaynesh, chakuseri. Askale zinamuvuta. Chaka chomwecho Gashe Tefera anafa mbali imodzi, dzanja ndi mwendo, pakamwa n'kupotoka. Palibe mwininyumba amene ankafuna munthu wogona pamphasa, ndipo kumene ankamulola mtengo wake unali woti sangaufike. Chipinda chinapezeka kutsidya kwa mlatho, kumene minibasi imatembenukira.

Mlathowo ukhoza kuuwoloka usanamalize kutafuna kanthu mkamwa. Koma ndiwo malire. Kutsidyako ndi chigawo china, chili ndi ofesi yake ndi zidindo zake. Ndipo lamulo la nyumbazi limati munthu akhale wogona m'dera lino zaka ziwiri zotsatizana pofika tsiku limene dzina lake latuluka. Chiphaso cha Askale chinkatchulabe nyumba yakale ija, yomwe tsopano ndi phula loyendapo magalimoto. Tonse tinkadziwa. Tinkangoti ndani angakhale ndi mtima woti akanene.

Mayina akamatidwa, amapereka masiku khumi oti wodandaula adandaule. Askale ankawerenga masikuwo m'mawa uliwonse pofika kuntchito. Anali atapita kale kukaiona nyumbayo, kusuzumira pawindo, n'kubwera kudzatiuza kuti muli mpopi m'kati, komanso kuti dzuwa limalowa pakona pomwe adzaike bedi la Gashe Tefera. Tsiku lachisanu ndi chitatu kalata inafika. Ndinamuwerengera titaima panja. Wina anali atanena kuti Askale Bogale sakhala mumzinda muno.

Tinapita ku ofesi mawa lake. Mlembi, mnyamata wa tayi wotchedwa Ato Girum, sanakweze ngakhale maso.

"Mayi, mumagona kuti?"

"Ndinabadwira konkuno, mwanangu. Mayi anga ali m'manda a Mikaeli."

"Sindinafunse kumene kuli mayi anu. Inuyo mumagona kuti?"

Askale anandiyang'ana.

"Kwa uyu. Kwa Birtukan. Chichokereni pomwe anatigwetsera."

"Ndi amuna anu omwe?"

"Ndi amuna anga omwe."

Ato Girum analemba nambala ya nyumba yanga, n'kunena kuti oyendera adzabwera tsiku lililonse sabata isanathe, ndipo sauza munthu. Titatuluka ndinatembenukira kwa Askale.

"Etiye, mwandiika pamoto."

"Ndikudziwa. Ndikhululukire. Pakamwa panangotseguka pokha."

Amene anakanena sitinachedwe kumudziwa. Mayi wosesa mu ofesimo anatinong'oneza kuti ndi Fantaye. Fantaye yemweyu wa m'kanjira kathu, amene tinkamwa naye khofi masana alionse, amene Askale anamugwira miyendo pobereka mwana wake wachitatu. Chigwetsereni nyumba iye ankakhala m'chisakasa cha mapepala apulasitiki chotsamira mpanda wa tchalitchi, ndi ana anayi, mwamuna atathawa. Dzina lake linali pa mndandanda wa odikira, oti akhoza kulowa ngati wina wachotsedwa.

Ndinayesa kumuletsa Askale koma anali kale patsogolo. Tinampeza Fantaye akufinya bulangete lonyowa.

"Fantaye! Tuluka undiyang'ane!"

"Ndili panja kale. Kuno kulibe m'kati."

"Iwe, ndi dzanja lomwe unkadyera m'mbale mwanga?"

"Ndi lomweli. Ndinanama? Ndiuzeni ngati ndinanama, Etiye, ndipite pompano ndikafufute."

"Ukudziwa chimene chinandipititsa kumeneko!"

"Ndikudziwa. Inu muli ndi denga lamalata. Ine ndinatsala kuno dala, m'matope muno, chifukwa anatiuza kuti wochoka watuluka pamndandanda. Zaka zitatu. Wamng'onoyu akutsokomola magazi. Ndiye inu mukagone pouma, mubwere mudzatengenso nyumba? Ine ndavutikira chiyani?"

Askale anatola mwala. Sindikudziwa ngati akanagenda. Mwana uja anatsokomola kuseri kwa pepala, chifuwa chouma chosatha, ndipo mwalawo unangogwa m'manja mwake. Tinachoka.

Chotsala chinali chimodzi: kusamutsa Gashe Tefera kuti oyendera adzampeze kwanga. Ndinapita kwa mwininyumba wanga ndi manja awiri kumbuyo.

Weizero Tsehaynesh anamvetsera akusankha mphodza. "Sabata imodzi," anatero. "Koma ine sindisainira pepala la munthu. Akandifunsa ndidzati maso anga ndi okalamba, sindidziwa olowa ndi otuluka kuseriko. Ukandikokera m'milandu, Birtukan, katundu wako udzampeza pamsewu."

Gashe Tefera tinamunyamula m'mamawa pa bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, mvula ikugwa. Bedi tinalimanga pamwamba, miphika ndi chithunzi cha Mariya tinazipanikiza kumapazi. Mwini chipinda cha kutsidya anaima pakhomo akuyang'ana bedi likutuluka.

"Mukusamuka?"

"Sabata imodzi yokha, Gashe. Tikubwera."

"Onse amatero," anayankha.

Gashe Tefera anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Panjira Askale anamufotokozera zonse pang'onopang'ono, akumupukuta malovu ndi nsonga ya mpango. Bamboyu anali mwana wa wansembe. Pa ukalipentala wake ankatha kubweza kasitomala pomuuza kuti thabwa lomwe wabweretsa ndi lofumbwa, ngakhale kunyumba kulibe chakudya.

"Akakufunsani, mudzati zaka zitatu. Mwamva, Tefera? Mawu awiri okha."

Iye anatembenuzira nkhope kumsewu.

Chipinda changa ndi chakuti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Bedi lawo litalowa, ine ndi Askale tinkagona pansi, mitu ili pakhomo. Tinakhoma misomali, kupachika malaya a Gashe Tefera, kuthira mwaye pang'ono kuseri kwa chithunzi kuti chioneke ngati chakhalitsa pamenepo. Ndinapita kwa anansi mmodzimmodzi. Ena anati chabwino. Mayi wina wogulitsa anyezi anati, "Ine ndili ndi mwana pamndandanda womwewo, musandiike m'kamwa mawu."

Askale sakanapita kuntchito, kuopa kuti oyendera angabwere iye kulibe. Tsiku loyamba abwana anamvetsa. Tsiku lachitatu anandiuza kuti chiwaya sichidikira munthu, ndipo lachinayi ndinapeza mtsikana wina ataimapo. Sindinamuuze Askale. Ndinkabweretsa injera zong'ambika zomwe malesitilanti amakana, tinkadyera shiro wamadzimadzi, ndiwo ya ufa wa nyemba. Iye ankangokhala pakhomo, khutu lili kumpanda. Chipata chikalira ankadzuka n'kukonza mpango. Ankapezeka kuti ndi wogulitsa makala, kapena mbuzi.

Madzulo aliwonse ankamuyesa mwamuna wake.

"Mwakhala muno nthawi yaitali bwanji, Gashe?"

Gashe Tefera ankatembenuzira nkhope kukhoma.

"Tefera, ndikukupemphani. Ndakusambitsani zaka zitatu, sindinakupempheni kanthu. Mukufuna tifere kuti? Mulungu akudziwa kuti si ife tinadzichotsa."

Bamboyo ankangotseka maso, misozi n'kumatsika mbali yakufayo, kumene sakanatha kuipukuta.

Oyendera anabwera tsiku lachisanu ndi chimodzi, chakumasana, ine nditangofika kudzasiya chakudya. Anali awiri, bambo wonenepa amene anatsala panja akuyankhula pafoni, ndi mayi wachitsikana wa magalasi, dzina lake Weizerit Meaza. Anavula nsapato pakhomo, zomwe sindinkayembekezera. Anayang'ana bedi, miphika, malaya pamsomali. Anafunsa ine, ndinayankha monga tinapanganira. Anafunsa Weizero Tsehaynesh, amene anati maso ake ndi okalamba. Kenako anagwada pafupi ndi bedi.

"Gashe, muli bwanji? Mukundimva?"

Gashe Tefera anagwedeza mutu.

"Mwakhala m'chipinda chino nthawi yaitali bwanji?"

Askale anagwira mkono wanga mpaka zikhadabo zinalowa. Bamboyo anayang'ana denga. Milomo inayamba kunjenjemera, lilime likulimbana ndi mano. Zinatenga nthawi moti ndinamva bambo wa panja uja akumaliza foni yake.

"Za... zaka. Zitatu."

Anatero momveka bwino kuposa mawu ena alionse amene ananenapo chidwalireni. Askale anandisiya mkono.

Weizerit Meaza analemba. Anali akudzuka kale pamene anati, "Mankhwala akumwa? Pafomu pakufunika ndione, poti mwapatsidwa nyumba yapansi chifukwa cha matenda."

Askale, mosangalala, anasolola kathumba pansi pa pilo n'kumupatsa. Munali timaenvulopu ta mapiritsi ndi khadi la kuchipatala. Mayiyo anatsegula khadilo. Ndinaona maso ake akutsika pang'onopang'ono, ndipo ndinazindikira iye asanalankhule. Chidindo chilichonse, mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu, chinali cha chipatala chaching'ono cha kutsidya kwa mlatho. Pamwamba panalembedwa nambala ya nyumba ya kumeneko ndi dzina la mwini wake.

Askale sadziwa kuwerenga. Ankamwetulirabe.

"Samaphonya, mwanangu. Mwezi uliwonse ndimamubereka kumsana."

"Ndikuona, Emama," anatero mayiyo chapansipansi. Anakhala ndi khadilo m'manja kanthawi. Mwina akanalibweza. Koma mnzake uja anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti chikuchedwetsa n'chiyani, n'kutambasula dzanja. Analiwerenga, n'kuseka pang'ono m'mphuno, n'kulijambula ndi foni.

Atachoka ndinamuuza Askale. Sanandikhulupirire. Analanda khadilo n'kumalitembenuza uku ndi uku ngati zilembo zingamuyankhule. Gashe Tefera anali atamva zonse. Anakoka bulangete ndi dzanja lamoyolo n'kudziphimba kumutu, ndipo tsiku limenelo ndi lotsatira lake anakana kudya.

Komiti inakhala Lolemba. Anali anthu asanu kuseri kwa tebulo lalitali, ndipo ife odandaulidwa tinali pabenchi, anthu oposa makumi awiri. Patsogolo pathu panali bambo amene anapita kukagwira ntchito ya msewu kumpoto miyezi isanu ndi itatu, ndi mtsikana amene nyumba inalembedwa m'dzina la mayi ake omwalira. Aliyense ankapatsidwa mphindi zochepa. Fantaye anakhala kumbuyo kwenikweni, mwana ali pamiyendo.

Dzina la Askale litaitanidwa, iye anaimirira atafunda nsalu yake yoyera ya kutchalitchi.

"Weizero Askale," anatero wapampando, bambo wa imvi wooneka wotopa, "mukuvomera kuti zaka zitatu zapitazi mwakhala kunja kwa mzinda?"

"Ndikuvomera kuti ndimagona kumeneko. Koma ndifunseko, Gashe. Ndinachoka, kapena munandichotsa?"

"Funso limenelo si la komiti ino."

"Ndi la ndani? Ndiuzeni ndipite. Tsiku lililonse ndimadzuka kusanache, ndimawoloka mlatho, ndimaphika injera yomwe inu mumadya masana. Maliro a dera lino ndimaphika ndine. Tchalitchi changa ndi chino. Kutsidyako ndimangokagoneka mutu maola asanu. Ndiye maola asanuwo afufute zaka makumi asanu ndi ziwiri?"

"Lamulo likunena za kogona, mayi."

"Amene anagwetsa kogona kwanga sanaliwerenge lamulolo?"

Ena pabenchi anang'ung'udza movomereza. Wapampando anagogoda tebulo ndi cholembera. Ananena kuti akumva chisoni, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Anati mayina ndi zikwi, nyumba ndi zochepa, ndipo akalola mmodzi wa kutsidya mawa kubwera mudzi wonse. Anati za bodza lija sazipititsa patsogolo, poganizira msinkhu wake. Dzina lichotsedwa. Akhoza kulembetsanso akakhala m'dera lino zaka ziwiri zotsatizana, koma adzayambira pansi.

Askale anagwada. Sindinamuonepo akugwadira munthu. Anayenda ndi mawondo mpaka patebulo n'kugwira nsapato ya wapampandoyo.

"M'dzina la Mikaeli, Gashe. Si ine, ndi wodwalayo. Zaka khumi ndi zinayi zina alibe. Mupatseni chaka chimodzi chokha pouma, akafa mudzatenge nyumba yanu, ndidzatuluka ndekha."

"Dzukani, mayi. Chonde dzukani. Wina amuthandize."

Ndinamudzutsa ndine. Mlembi anali ataitana kale dzina lotsatira.

Mawa lake Askale anawoloka mlatho kukayesa ku ofesi ya kutsidya, poti anamva kuti nakonso kuli mndandanda. Anabwera dzuwa likulowa, nsapato zili matope. Anamuuza kuti chiphaso chake ndi cha mumzinda, choncho si wa kumeneko. Kuti amulembe akatenge kaye kalata yomumasula kuchokera ku ofesi yathu, ndipo akatero ndiye kuti kuno watsazika mpaka kalekale. Atachoka pamenepo anapita kuchipinda chake chija. Anapeza pakhomo pali nsalu ina, ndi mayi wachilendo akuphikira ana. Mwini chipindacho anati bedi likatuluka ndiye kuti chipinda chilibe munthu, ndipo zotsala zawo anali atazimanga m'thumba limodzi. Ndi limene Askale anabwera atasenza.

Sabata ya Weizero Tsehaynesh inali itatha kalekale. Anandiitana ndili pampopi.

"Ndinati imodzi, ino ndi yachitatu ikuyamba. Munthu uja akafera m'mpanda mwanga, apolisi adzafunsa ine. Loweruka asapezeke. Ukafuna upite nawo."

Ndinayenda masiku atatu kufunafuna chipinda. Kulikonse akamva za wodwala wosadzuka, ndi mkazi amene wangochotsedwa ntchito, chitseko chinkatsekeka ndisanamalize. Apo n'kuti nditamuuza kale Askale za chiwaya chake. Anangogwedeza mutu ngati ndikunena za munthu wina.

Lachisanu anandiuza kuti wapeza malo.

"Kuti?"

"Pampanda wa Mikaeli. Pali mpata pakati pa chisakasa cha Fantaye ndi ngalande."

"Etiye, mwapenga? Nyengo ya mvula ino? Gashe satha mwezi pamenepo."

"Nanga ndimuike kuti, Birtukan? Tchula. Ndimuike kuti?"



"Pamenepo ndi mumzinda," anapitiriza. "Palibe amene adzanene kuti ndimagona kutsidya. Zaka ziwiri ziyambe kuwerengedwa."

Ndinali nditamva kuti ofesi inasiya kulemba anthu atsopano a pampandapo, kuti okhawo amene anawalemba chaka chogwetsa nyumba ndiwo amawerengedwa. Ndinamuuza. Anati nayenso anamva, koma wina anamuuza kuti mwina adzatsegulanso chisankho chikayandikira.

Loweruka m'mawa tinagula pepala lalikulu labuluu ndi mitengo inayi ya bulugamu. Tinayamba kukumba. Anthu a m'zisakasa zina ankangotiyang'ana. Fantaye anali pakhomo pake akupesa mwana. Nyumba nambala 31 inali itapita kwa munthu wina amene anali patsogolo pake pa odikira, ndipo iye anangosendera malo amodzi. Anatiyang'ana nthawi yaitali, chipeso chili m'manja.

Kenako anadzuka n'kubwera.

"Osati pamenepo. Mvula ikagwa madzi onse a kutchalitchi amadutsa pomwepo. Senderani kuno, mugwirize ku mtengo wangawu."

Askale sanamuyang'ane. Koma anazula mtengo womwe anali atazika n'kuusendeza. Fantaye anapita kukatenga miyala yoti tiike pansi pa miyendo ya bedi, ndi chingwe cha matayala. Anatisonyeza mmene amapindira pepala kuti mphepo isalowe pansi. Onse awiri ankayankhula ndi ine, wina osayankhula ndi mnzake.

Gashe Tefera tinamubweretsa chakumasana, mitambo itayamba kale kuda. Bajaji inaima patali chifukwa cha matope. Ine ndinagwira miyendo, Askale kumapewa, koma pa ngalande tinalephera kudumpha naye. Fantaye analowa m'madzimo mpaka m'mawondo n'kumulandira pakati. Titamugoneka anayang'ana pepala labuluulo pamwamba pake, likupuma ndi mphepo, kenako anayang'ana mkazi wake. Anayesa kunena kanthu koma sitinamve.

Madontho oyamba atayamba kugunda, Askale ananditulutsa panja.

"Pita, usachedwe kuntchito, angakuchotse nawenso. Ukawauze abwana kuti ngakhale kutsuka ziwiya ndivomera. Ngakhale kusenza nkhuni."

"Ndikawauza."

"Ndipo Lolemba undiperekeze ku ofesi. Ndikufuna alembe kuti ndayamba lero."

Ndinati ndidzamuperekeza. Ndinafunda mpango kumutu n'kuyamba kutsika kumsewu, mvula ikukula.